Chifunga cha m'galasi la a Seniyo

Alamu anga a Arsenio, amene tonse timangowatchula kuti a Seniyo, ndi munthu woti akakuuzani kuti kunja kukugwa mvula simufunikanso kusuzumira pazenera. Sanama, ndiponso sachulutsa gaga m'diwa. N'chifukwa chake atafika pabenchi yanga yokonzerapo mafoni pa Chinakanaka n'kunena kuti m'thirakitala mwawo mwalowa chifunga, sindinaseke, ngakhale phwete linandifika pakhosi.

Anabwera kuno ali mwana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Bambo awo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndiye ulendo wonsewo a Seniyo ankayenda patsogolo atagwira nsonga ya ndodo, bambo awo atagwira nsonga inayo pambuyo. Nkhaniyi sakonda kuikamba. Ine ndinaimva kwa achemwali anga a Ireen, amene anakwatiwa nawo. Atakula, a Seniyo anathyolako tiyi ku esiteti, kenako anakhala wokweza matumba pangolo, mpaka dalaivala wina wamtima wabwino anawaphunzitsa chiwongolero. Gulu la alimi a tiyi a kwawo, m'munsi mwa phiri, litapeza kathirakitala kakekake kofiira, kiyi inapita kwa iwo. Anaimangirira ku chingwe cha nsapato n'kuivala m'khosi, ndipo achemwali amati ngakhale kutchalitchi kiyiyo imapita nawo.

Ntchito yawo ndi kutola masamba m'mashedi n'kuthamanga nawo kufakitale. Tiyi wothyolathyola sadikira munthu. Akakhalitsa m'matumba amatentha, kufiira, ndipo kufakitale amamubweza. Ndiye tsiku lina dizilo anawathera a Seniyo pakati pa njira, ngolo itadzaza. Pofika nthawi yoti mafuta apezeke, masamba onse anali atapsa, thukuta la mabanja ambiri litapita pachabe.

Mayi Celestina, wapampando wa gululo, si munthu wokuwa. Anangofunsa kuti zatheka bwanji. A Seniyo anati galasi la padashibodi, paja pamaonekera mafuta ndi kutentha kwa injini, lachita chifunga mkati, sakuona manambala. Mayi Celestina anati, "Konzetsani galasilo, bambo. Koma zikachitikanso, kiyi tipatsa wina." Basi, mawu awo anali omwewo, ndipo ndi amene anabweretsa a Seniyo pabenchi yanga.

Ndinapita m'mamawa kukaona. Sananame. Mkati mwa galasi munali timadontho tii, ngati kunsi kwa chivundikiro cha ketulo. Ukapukuta kunja, palibe chosintha. Ndinawauza kuti ndi chinyezi chabe, mvula ya kuno aliyense amaidziwa, aimike thirakitala padzuwa chiuma chokha. Ndinabwerera masana kuti ndikadzitame. Galasi linali mbee.

"Mwaona, alamu? Chatha."

"Epa! Chatha kuti? Si icho chili pakatipo?"

Ndinawerama, ndinapendeka mutu, ndinatchinga dzuwa ndi chipewa. Sindinaone kanthu. Koma munthu wosanama akaloza chinthu motsimikiza, umayamba kukayikira maso ako. Ine ndimakhalira kuyang'ana tizitsulo ta m'mafoni, mwina maso anga ndi amene anatopa. Ndinati, "Eya, chilipodi pang'ono." Kutacha anandiimbira kuti ndibwere ndidzaone, ndipo ndinapeza timadontho tabwereradi, toti ngakhale mwana akanationa. Apa mutu wanga unayamba kuzungulira.

Tinayesa zambiri. Ndinawapatsa mpunga m'sokosi, monga ndimachitira ndi foni yogwera m'madzi, tinaukankhira kuseri kwa dashibodi. Mpungawo unadyedwa ndi makoswe. Kenako tinaganiza za makina oumitsira tsitsi a Lizzie, mtsikana wa saluni yoyandikana ndi benchi yanga. Kushedi kulibe magetsi, ndiye thirakitala inachita kubwera yokha n'kuima pakhomo pa saluni. Msika wonse unasiya malonda. Amayi a tomato ankafunsa ngati yabwera kudzalukitsa kapena kudzawotcha, ndipo Lizzie ankapemerera galasilo akugwa ndi phwete. A Seniyo okha ndiwo sankaseka. Anaima chapatali manja ali kumbuyo, ngati munthu wodikira wodwala wake. Galasi linayera, aliyense anavomereza kuti layera, koma iwo anangoti, "Chachepako." Kutacha chinyezi chinabwerera.

Ndiye zinkangokhala choncho. M'mawa iwo ankakhala olondola, masana ndinkakhala wolondola ndine, ndipo madzulo tonse tinkagona osadziwa kuti wopenga ndani. Pakati apo a Seniyo anayamba kuyenda ndi kamtengo kopimira dizilo m'thanki, n'kumaima panjira kugwiragwira boneti kuti amve ngati injini yatentha. Masamba ankafika mochedwa, ndipo Mayi Celestina anayamba kuwayang'anitsitsa a Seniyo.

Chimene chinkalowetsa madzi ndinachitulukira mwangozi, nditapita kukasiya foni ya achemwali chakumadzulo. Ndinawapeza alamu akusambitsa thirakitala ndi ndowa, kuthira madzi ponseponse, padashibodi pomwe. Atamaliza anatenga pepala la pulasitiki, kukulunga dashibodi yonyowayo, n'kumanga ndi mphira kuti mame asalowe. Ndinapsa mtima zedi.

"Alamu! Mukuisambitsa, kenako mukuitsekera m'thumba ndi madzi ake omwe! Ndiye aumire kuti?"

"Ndimati ndikuisamala," anatero, mawu ali pansi.

Anandimvetsa chisoni, komanso mumtima ndinakondwa, poti tsopano chinthucho chinali ndi mutu wake. Ndinamasula kabokosi konse ka galasiko n'kupita nako pabenchi. Kamphira kozungulira m'mbali kanali katang'aluka pakona. Ndinatsegula, kupukuta mkati ndi sipiriti, kuyanika padzuwa mpaka kuuma gwa. Ndinaikamo timapaketi tija timabwera m'mabokosi a mafoni atsopano, toyamwa chinyezi, n'kumata mng'alu uja ndi silikoni. Sindikudzitama, koma ntchito imeneyo inali yaukhondo.

Ndinasankha dala m'mawa wa chiperoni kuti ndikabwezeretse, phiri lonse litabisala, kamvula kakuwaza. Ngati chinyezi chikanati chibwerere, linali tsiku lake limenelo. Mayi Celestina anabweranso, atafunda chitenje kumutu, kuti adzionere okha. Ndinamanga, a Seniyo analiza injini, manambala anayaka owala bwino. Tinadikira. Galasi silinachite ngakhale kadontho.

A Seniyo anakhala pampando, anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta. Anapukuta, kuyang'ana, kupukutanso.

"Alamu, mwayesetsa ndithu. Koma mwasiyako pang'ono pakatipa."

Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti akapeze wina wowaseweretsa, chifukwa ine ndasiya makasitomala pabenchi. Koma Mayi Celestina ndi amene anayamba kuyankhula. Anali ataima pansi, patali ndithu ndi chiwongolero, ndipo anasuzumira n'kunena kuti, "Inetu ndikuona bwinobwino. Mafuta ali theka. Inu mukuona chiyani, bambo?"

A Seniyo anasiya kupukuta, kansalu kali m'manja. Kenako anakweza chikhatho n'kutseka diso lamanzere, kuyang'ana galasi. Anasintha, kutseka lamanja. Anayang'ana ine, anayang'ana mitengo ya bulugamu kutsidya, anabwereza kutseka ili ndi ilo ngati mwana wosewera. Nkhope yawo inali ya munthu amene wasochera m'mudzi mwake momwe. Nditawayandikira ndinaona kamtambo koyera pakati pa diso lamanja, ndipo sindikudziwa kuti masiku onsewa ndinkayang'ana kuti.

"Ili likuona manambala, koma movutikira," anatero. "Ili likuona chiperoni chokhachokha."

Ndinachita mantha, ndinene zoona. Ndinayamba kulongolola kuti masiku ano ng'ala amachotsa kuchipatala, kuti ndikudziwa anthu amene anapita akupapasa n'kubwera akuwerenga nyimbo m'buku. Mayi Celestina anavomereza, n'kuwonjeza kuti gulu likhoza kupeza wogwirizira mpaka iwo atachira. Sindikudziwa ngati a Seniyo ankatimva. Anazimitsa injini, kuzula kiyi, n'kutsika pang'onopang'ono. Kiyiyo inapita m'manja mwa Mayi Celestina pamodzi ndi chingwe chake cha nsapato.

"Amene ayendetseyo mumuuze asamakulunge dashibodi m'pulasitiki," anatero.

Tinanyamuka wapansi kupita kunyumba, kamvula kakutinyowetsa. Njira ya m'minda ya tiyi ndi yopapatiza ndiponso yoterera, ndiye mosaganiza ndinadutsa kuti nditsogole, ndiziwauza pamene pali miyala. Ndinangomva mapazi awo aima. Nditatembenuka anali chilili pakati pa njira, madzi akutsika m'chipewa.

"Mawa mundiperekeze kuchipatala ku Mishoni, alamu," anatero. "Koma muziyenda pambali panga. Patsogolo ayi."