Masamba Amene Amayi Anasoka

Amayi anga ndi telala, ndipo ali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: akangogwira buku, maso amathamangira kumapeto. Nzeru anaipeza okha. Amatenga singano n'kusoka masamba omalizira pamodzi ndi ulusi wofiira, kuti asasuzumire nthawi isanakwane. Mabuku onse a kwathu ali ndi zipsera.

Bambo atasiya kuyendetsa basi chifukwa cha vuto la mtima, anayamba kutandala pabenchi ya makasitomala, ndipo amayi akapumitsa makina ankawawerengera mokweza. Chaka chatha anagula buku lachikondi la mtsikana wokonza injini za chombo cha mumlengalenga, amene anakopeka ndi mwamuna wochokera kunyenyezi, wakhungu lobiriwira, wopanda makutu, wa mitima iwiri.

"Zachibwana basi," anatero bambo. "Komabe wopanda makutu ndi mwamuna wamwayi, mayi a ana. Ndipo mitima iwiri achita nayo chiyani? Andibwereke umodzi."

Sipanapite nthawi, onyoza aja ndi amene anayamba kufulumizitsa makasitomala kuti nkhani ipitirire. Aphunzitsi ena obwera kudzayesa diresi atanena kuti mtsikanayo akanangokwatiwa ndi wakwawo, bambo anaikira kumbuyo Wobiriwira ngati mphwawo.

Kenaka adokotala anati mtima wa bambo ukufunika opaleshoni, ndipo sanabise kuti ena sadzuka. Apa n'kuti m'bukumo Wobiriwira ataitanidwa kunkhondo kwawo, atalonjeza kubwerera. Kunatsala masamba osokedwa aja.

"Tadulani ulusiwo ndimveretu," anapempha bambo tikupakira chikwama. "Za mawa sizidziwika."

"Mukamva mukadzuka," anayankha amayi, osatukula n'komwe mutu.

Ine zinandipsetsa mtima. Munthu akupita kokakumana ndi mpeni, inu n'kumumana timasamba?

Kuchipatala tinadikira pakhonde, mtima uli m'mwamba. Amayi anakumbatira bukulo pachifuwa. Adokotala atatuluka n'kunena kuti zonse zayenda bwino, ndinangokhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira.

Bambo atatsitsimuka sanafunse madzi, sanafunse za ife ana awo. Ndi mawu osasa anati, "Uja wabwerako?"

Amayi anatulutsa kasizasi, n'kudula ulusi, n'kuyamba kuwerenga. Wobiriwira anabwereradi, mtima umodzi utavulala kunkhondo, winawo ukugunda bwinobwino. Namwino amene anabwera kudzayang'ana dilipi anaima pomwepo mpaka tsamba lomaliza. Bambo misozi inayenderera mpaka m'makutu, koma anati ndi mankhwala.

Potola tizidutswa ta ulusi pabulangete, ndinaona kuti n'toyera. Amayi sasokera buku ulusi woyera. Titatuluka panja ndinawaonetsa.

"Amayi, wofiira uja unapita kuti?"

Anaseka, kuseka koyamba chiyambire nkhani ya opaleshoni.

"Iwe ukundiyesa wopusa? Tsiku lomwe adokotala anatiuza, ndinamasula, ndinawerenga, n'kusokanso. Wofiira unali utatha."

"Nanga akanakhala kuti anafera kunkhondo?"

"Likanasochera bukulo," anatero akupukuta maso ndi mpango. "Sindikanawasungira bambo ako nkhani ya munthu wopita osabwerako."