Bokosi la Ndodo za Bambo

Minibasi yanga inali itasiya kale kunyamula anthu pamene bambo anadwala. Ndinali nditazula mipando yakumbuyo n'kuikamo bedi, kakabati ka mbale ndi kachitofu ka gasi, kuti alendo odzaona nyanja azigona momwemo tikamayenda maulendo ataliatali. Anzanga a pasiteji ankaitcha nyumba ya kamba. Ine ndinkainyadira, moti madokotala atanena kuti bambo akaonedwe kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, ndinadziguguda pachifuwa kuti ulendowo ndi wosavuta. Agona pabedi kuchokera pakhomo pawo ku Senga Bay mpaka kukafika, osapanikizana ndi madengu a usipa m'minibasi za anthu.

Vuto lawo linali la chikhodzodzo. Ankapita kuseri kwa nyumba pafupipafupi, n'kubwerako thukuta lili kamukamu. Anali ataonda moti lamba wawo anamubowola kabowo kena ndi msomali. Dokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti tisazengereze, matendawo sadikira munthu. Mawu amenewo ankandisowetsa mtendere.

Bambo anagwira ntchito paloji ina moyo wawo wonse, kutenga alendo pa boti kukawedza mcheni ndi kampango. Anapuma ntchito ali ndi ndodo zowedzera zitatu, zachizungu, zimene alendo anawasiyira. Ina inali yaitali kuposa chitseko cha nyumba, yosapindika komanso yosaguluka pakati. Iliyonse inali ndi kagudumu kokulungira twaini chakumapeto kogwirira. Mayi ali moyo ankati ndodozo ndi akazi anzawo a pamitala, ndipo sankanena moseka kwenikweni.

"Ndipita," anatero bambo nditawachonderera kokwanira. "Koma ndodo zanga zipite nawo."

"Bambo, ku Lilongweko mukawedza chiyani? Achule a m'ngalande?"

"Sindinakufunse za nsomba. Ndikazisiya pano, mawa mupeza ana akukolowolera mango."

Ndinati chabwino, zilowa pansi pa bedi, msonga zake zitulukire chakukhomo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ndinali nditaiwala, kapena ndinkafuna kuiwala, lamulo limene ndinalidziwa ndi khofi ndili mwana: ndodo yowedzera siikidwa pamene munthu angailumphe. Ikalumphidwa, nsomba zimaikana. Pansi m'galimotomo aliyense wokwera akanailumpha, ndipo iwo eni akanagona pamwamba pake. Ndinati ndizimange padenga ndi malegeni. Anakana: dzuwa, fumbi, nthambi za mitengo, ndiponso anyamata a manja ataliatali tikaima pamsika. Ankafuna zikhale padenga ndithu, koma m'chinthu chotsekeka.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu akulephera kukodza, koma nkhawa yake ili pa timitengo! Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo amene ankawasamala pakhomopo, ananditsina pamkono. "Apangire zimene akufunazo," anandinong'oneza. "Akufuna akalowe mu mzinda ngati msodzi, osati ngati mtolo."

Ndinayambira pa boma la Salima. Wogulitsa zipangizo zomangira anandionetsa mapaipi oyera a madzi. Kutalika anali bwino, koma timagudumu tija sitikanalowa. Nditabwerera kukawauza bambo kuti titichotse kaye, anati zomangira zake zinachita dzimbiri kalekale, ndipo wozikakamiza athyola ndodo. Ndinapita kwa owotcherera zitsulo kuti andipangire bokosi lachitsulo. Iwo anati ntchitoyo ndi yochepa, angodikira magetsi. Ndinabwererako kangapo n'kuwapeza akusewera bawo pansi pa mtengo, magetsi osayaka, chitsulo changa chili pomwe ndinachisiya. Masiku ankatha, ndipo ndikafika kunyumba ndinkapeza bambo atatsamira khoma, milomo itauma, akundifunsa ndi maso okha ngati ndapeza.

Mnzanga wina ndiye anandiuza za kalipentala wa ku Khombedza, wodziwa ntchito komanso wosachedwetsa. Ndinayeza ndodozo ndi chingwe n'kupita. Pashedi pake panali mipando, zitseko, ndipo chakumbuyo mabokosi a maliro atasanjikizidwa. Sindinaganizepo kanthu, kalipentala wa m'mbali mwa msewu wosapanga zimenezo adya chiyani? Ndinamufotokozera kuti ndikufuna bokosi lalitali, lotambasuka mbali imodzi kuti timagudumu tikwane, koma lopita licheperachepera kumene kukhale msonga, kuti lisalimbane ndi mphepo.

"Ndamva, bwana," anatero akupana pensulo kukhutu. "Zoterezi ndiye timazidziwa."

Ankazidziwadi. Nditapita kukalitenga ndinapeza atalipala bwinobwino, atalipaka vanishi wonyezimira. Anali ataikanso zogwirira m'mbali, zimene sindinamutume, akuti tisamavutike pokweza ndi potsitsa. M'kati anayalamo nsalu yoyera kuti ndodo zisakalike. Lili pansi, pakati pa mipando ndi utuchi, linkaoneka mmene linalili: chinthu chachitali chopyapyala, choti ngakhale mwana sangagonemo. Ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Tinalikweza padenga n'kulimanga zolimba pakaliyala. Chimene sindinachite ndi kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kuliyang'ana ndili pansi. Chinthu chikakhala pamwamba, kuchepa kwake m'mimba sikuoneka. Umangoona kutalika, vanishi ndi zogwirira.

Nditangochoka pamsika wa Khombedza, wakabaza wina amene ankabwera kutsogolo kwanga anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Ndinamuimikira dzanja, kuganiza kuti ndi wondidziwa. Patsogolo, amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda n'kuweramitsa mitu. Pamene ndinkadutsa pa boma, ndinaona chithunzi cha galimoto yanga pagalasi la sitolo ina, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti bokosilo linkaoneka ngati la maliro. Ndinaganiza zolifunditsa nsalu, koma bokosi lofunditsidwa ndiye likanaipiratu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti bambo ndi munthu wa diso lakuthwa, aona okha kuti munthu sangakwanemo, mwinanso aseka.

Linali dzuwa la masana pamene ndinakhota kulowa kanjira ka mchenga kopita kwathu. Azakhali anali atachoka m'mawa kupita kuchigayo, atawasiya bambo ali gone, akubuula. Ankabwerera ndi amayi anzawo pamene anaona galimoto yanga ikulunjika pakhomo, bokosi lili pamwamba. Beseni la ufa linagwa pansi.

"Mayo ine! Alongo anga ine! Andisiya ndili kuchigayo!"

Kulira kwa maliro sikufunsa. Amayi aja anakulandira pompo, ena a kuseri kwa mpanda n'kukulandiranso, mpaka kunafika kugombe. Asodzi amene ankasoka maukonde awo anasiya n'kubwera chothamanga, achikulire a kumzikiti akutchula dzina la Mulungu motsitsa mawu. Anzawo a bambo a kuloji anatulukira atavala yunifolomu, wina thaulo la alendo likadali paphewa. Bambo wina woyandikana nafe anali atayamba kale kuthyola nthambi n'kumaziika panjira. Ine ndinaima pachitseko cha galimoto ndikukuwa kuti, "Ndi la ndodo! Ndi la mbedza ili!" koma ndani akanamva? Mayi wina anandikumbatira n'kundiuza kuti ndilimbe mtima.

Kenaka bambo anatulukira pakhonde, dzanja limodzi litagwira mphuthu ya chitseko, linalo litagwira buluku kuti lisagwe. Kulira kuja kunazima kuyambira kutsogolo, ngakhale a kumbuyo anapitiriza kanthawi asanaone. Bambo anayang'ana anthu onsewo mmodzimmodzi, osafulumira. Anayang'ana nthambi zija panjira, ufa uli mbwee pamchenga, kenaka n'kukweza maso padenga la galimoto. Munthu wina anaseka mwamanyazi, anthu n'kuyamba kubalalika akupepesa. Azakhali anandigwira malaya n'kundilalatira mawu amene sindingawalembe pano.

"Litsitseni," anatero bambo.

Tinalitsitsa ine ndi asodzi awiri, ndipo zogwirira zija zinagwira ntchito yake bwino kwambiri moti ndinadana nazo. Bambo anatsegula chivindikiro n'kusisita nsalu yoyera ija. Analowa m'nyumba n'kutulutsa ndodo zawo imodziimodzi, kukana kuthandizidwa, n'kuzigoneka m'katimo. Zinakwana ndendende, yaitali ija osagunda kumapeto.

"Mmisiri ameneyu amadziwa ntchito," anatero. "Lilowetseni m'nyumba."

"Bambo, ndi la padenga la galimoto limeneli. Mawa m'mawa tinyamuka."

"Ine ndigone m'galimoto, bokosi lili pamwamba panga, anthu azindivulira zipewa njira yonse? Iyayi, mwana wanga."

Ndinati ndilipaka penti wobiriwira, ndichotsa zogwirira, ndilidula likhale lofanana mbali zonse. Ndinati ndiliwaza nkhuni, tipeze china. Ndinafika ponena kuti ndigwirizira ndodozo ndi dzanja pawindo mpaka ku Lilongwe. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Si za bokosi," anatero atakhala pampando wawo. "Waona anthu amene abwera? Ngakhale uja tinakanganirana malire, wathamanga opanda nsapato. Ku Lilongweko, ndani angadzathamange chonchi? Ndikafera pabedi la eni, wondiyandikira osadziwa n'dzina langa lomwe. Ndaziona ndi maso anga za kuno. Sindikupita."

Ndinakalipa tsiku limenelo kuposa mmene mwana amayenera kukalipira bambo ake. Ndinawauza kuti akusankha olira m'malo mosankha mankhwala. Anavomera ndi mutu, ngati ndanena chinthu chanzeru. Abusa anabwera kudzawanyengerera, anzawo a kuloji anabwera, ine ndinagwada ndithu pansi, koma zonsezo sizinaphule kanthu. Bokosilo analamula kuti tilipachike ndi zingwe kumitanda ya denga m'chipinda mwawo, poti munthu asalilumphe. Ankagona akuliyang'ana, ndipo ine ndikalowa m'chipindamo ndinkayang'ana pansi.

Mwera unatha, kunabwera kutentha kuja kumene mchenga umawotcha mapazi. Ndinkawatengera mankhwala ochepetsa ululu kuchokera pa boma, ndi okhawo amene ankalola. Masiku ena ankandituma kuti nditsitse bokosilo, atulutse ndodo imodzi, azungulitse kagudumu kake n'kumamvetsera kulira kwake. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, m'mawa, azakhali atawagwira dzanja. Anthu anathamangadi monga anathamangira poyamba paja, ndipo nthambi anaziika pamalo omwe aja.

Mpaka lero zimandivuta. Dokotala sanalonjeze kuti akapita achira, anangoti tisachedwe. Azakhali amati bambo sankafuna kupita chiyambire, ndodozo zinali pothawira chabe, ndipo paipi ikanakwana akanapeza chifukwa china. Mwina n'zoona. Koma ine ndinawamva ndi makutu anga akunena kuti "ndipita," ndipo bambo sankalankhula za m'maluwa. Ndikamadutsa pa Khombedza ndimaiona shedi ija, mwini wake atawerama akupala matabwa, ndipo ndimamukwiyira munthu amene sanandilakwire. Anapanga chimene manja ake anazolowera, pa muyeso umene ndinamupatsa ndekha.

Pogawa katundu wa malemu, akuluakulu anati ndodozo ndi zanga. Ine sindine msodzi, ngakhale nyambo sinditha kuikoleka bwino, koma sindinakane. Panalibe pena pozinyamulira. Pansi pa bedi sindikanaziika. Dzanja linakana lokha. Tinamasula zingwe kumitanda kuja, n'kulikweza bokosilo padenga la galimoto, pamalo ake.

"Ulifunditse kanthu, mwana iwe," anatero azakhali. "Usatibweretserenso zina."

Sindinalifunditse. Ndinatuluka pakanjira ka mchenga kaja n'kulowa mumsewu wa tala wopita ku boma. Ndisanapite patali, mkulu wina amene ankakankha njinga yodzaza makala anaima m'mbali mwa msewu, anayang'ana padenga, n'kuvula chipewa chake. Sankandidziwa, sankawadziwanso bambo. Ndinatsitsa galasi kuti ndimuuze kuti ndi ndodo chabe, koma ndinalikwezanso. Ndinachepetsa liwiro n'kumudutsa pang'onopang'ono, monga zimayendera galimoto zonyamula munthu.