Mlonda Amene Anadulidwa Pansi pa Nkhani

Tsiku lomwe nkhani yake yoyamba inatuluka m'nyuzipepala, mayi wosesa m'maofesi a atolankhani anakadzitsekera m'kachipinda ka matsache n'kulira.

Sukulu ya utolankhani inamukana kawiri. Mayiyo atachonderera kwa zaka zisanu, mkonzi anamupatsa mwayi umodzi wokha: akalembe za moto umene unapsereza msika. Iye analemba monga timakambira nkhani tonsefe. Anayamba ndi mmene kunachera ndi mmene utsi unafukira, chachikulu n'kuchisungira kumapeto: mlonda wokalamba anatulutsa ana atatu m'motomo.

Malo patsamba anachepa. Mkonzi, osawerenga n'komwe mpaka pansi, anadula ndime ziwiri zomaliza.

"Apa palibe nkhani, Mayi Tsache," anatero. "Utsi tonse tinauona."

Chomuwawa kwambiri chinali mlonda uja, amene anabwera pageti manja ali m'mabandeji, nyuzipepala ili kukhwapa.

"Mwana wanga, ndauza adzukulu kuti ndilimo. Kodi ndili tsamba liti?"

Mayiyo anangotola tsache lake n'kubwerera m'kati.

Mawa lake akusesa, anaona buku lomwe linkachirikiza mwendo waufupi wa tebulo la mkonzi. Zaka zonsezo ankangolilambalala ndi tsache! Linali lophunzitsa kulemba ndi kukonza nkhani. Analisolola, n'kuikapo njerwa.

Ankaliwerenga masana anzake akapita kukadya. M'menemo anapeza cholakwa chake: mkonzi amadula kuchokera pansi, choncho mtolankhani amaika chachikulu pamwamba. Sanali wopusa ayi, palibe amene anamuuzapo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa milungu itatu ankatola mapepala othiridwa inki yofiira m'bini, n'kumaona zimene mkonzi amadana nazo. Nkhani ya mlonda anailemba kasanu ndi kawiri, kenako anaisiya patebulo paja.

Mkonzi anawerenga mzere woyamba, n'kuvula magalasi.

"Ana atatu? Zimenezi zinali kuti?"

"Pansi, bwana. Pomwe munadula paja."

Loweruka lake mlonda anatuluka patsamba loyamba, ndipo adzukulu anamuwerengera mokweza.

Lero mayiyo ndiye mkonzi. Amadulabe kuchokera pansi, poti ntchitoyo ndi yotero, koma sagwira cholembera chofiira asanafike pa mawu omaliza.

Nanunso ngati anakubwezani asanakuwerengeni mpaka pansi, osataya mtima. Phunzirani, mulembenso, chachikulu chanucho muchiike pamwamba.