Uvuni umene sitinauyatse

Njerwa tinaumba mochedwa chaka chimenecho, ndipo aliyense wodutsa pa ploti yathu ankatikumbutsa zimenezo ngati ife tinalibe maso. Anzathu anaumba mu Julayi n'kuwotcha mu Seputembala, ife Novembala anatipeza chikombole chikadali m'manja. Chifukwa chake sindinkawauza, sizinkawakhudza. Amuna anga anadwala nyengo yonse yozizira, ine ndikugona pansi pa bedi lawo kuchipatala. Atangopezako bwino n'kuyamba kukhala pampando pakhonde, nkhani yawo yoyamba inali ya njerwa.

Tinkakhala kumunsi kwa Chilomoni, m'nyumba ya kampani imene iwo ankagwirako ntchito yokonza makina. Nyumba ya kampani ndi ya munthu amene akudzukira kuntchito. Akasiya kudzukira, kaya ndi matenda kaya ndi imfa, mkazi ndi ana amauzidwa kuti amange katundu. Ndinali nditaziona kwa anzanga apalaini yathu yomweyo. Zinali zaka zoyambirira za matipate, makampani akugulitsidwa, mabwana akusinthasintha, ndipo chifundo chinali chitachepa m'maofesi. Ndiye tinapeza kaploti kumtunda, moyang'anana ndi phiri la Michiru, kuti timangepo zipinda ziwiri ndi pabalaza. Amuna anga ankati n'kuti tidzakhale pathu ndi ana athu atatu. Sankanena kuti “mudzakhale”, ankati “tidzakhale”, ndipo ine ndinkangovomera.

Madzi oumbira tinkatunga kwa mayi wina wachikulire amene nyumba yake inachita malire ndi plotiyo. Kwawo kunali ku Rumphi, anali mphunzitsi wopuma, ndipo tonse tinkawatchula kuti amama. Mpopi pakhomo pawo anawakokera ndi mwana wawo wamwamuna, kalaliki wa boma, mnyamata wofatsa amene pa nthawiyo naye anali atayamba kutha thupi. Nyengo yonse youmba amama sanatitsekerepo mpopi, ngakhale masiku amene madzi ankangodontha. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumandiseka kuti ndimaponda dothi ngati linandilakwira. Sankanama, ndinkaliponda ndi mtima wonse.

Mlungu umene ndikunenawu kunagwa chitungu choti sindinachionenso. Sikunali kutentha kwa dzuwa kokha, kuja umathawira pamthunzi n'kupezako bwino. Mpweya unali wolemera, wonyowa, osagwedezeka. Ukasamba, usanamalize kupukuta thukuta labwerera kale. Malata ankalira okha masana, nyenje nazo zikuboola makutu. Madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana kuseri kwa Michiru, yoyera pamwamba, yakuda kumunsi, kenako n'kumwazikana popanda dontho. Pa wailesi a zanyengo ankati kukhala mvula ya mabingu apo ndi apo, mawa lake n'kunena kuti m'madera ambiri. Ndinafika podana naye bambo wowerenga zanyengoyo ngati mvulayo ankaisunga kunyumba kwake.

Amuna anga chitungucho chinawazunza koposa tonse. Chifuwa chawo chinkafuna mpweya umene kunalibe. Ankagona pamphasa pakati pa chitseko, atavula malaya, nthiti zikuwerengeka, ana akusinthana kuwakupiza ndi katoni. Ndinkadziwa kuti mvula ikanagwa akanapumako. Komabe m'mapemphero anga ndinkapempha Mulungu kuti aigwire kaye.

Lolemba, aganyu awiri amene tinawalemba anayamba kusanja uvuni. Pofika masana unali utafika m'chiuno, makomo a moto akuoneka bwino, koma njerwa zambiri zinali zikadali m'mizere pansi, zitafunditsidwa udzu. Pambali panali mulu wa zipika za bulugama zowotchera. Wamkulu wa aganyuwo anandilimbitsa mtima kuti akangomaliza kusanja n'kumata, moto ukalowa, mvula ilibenso mphamvu. Ndinali nditasenza njerwa pamutu pomwe ndinamva mfuu kuseri kwa mpanda. Anali amama. Mwana wawo uja anali atatisiya kuchipatala m'mawa womwewo.

Aganyu sanadikire kuuzidwa. Anatula njerwa zimene anagwira, n'kukasamba m'manja pa mgolo. Kwathu kuno maliro akagwa pafupi, masamba akaikidwa pamsewu, ntchito imaima mpaka munthuyo ataikidwa. Sulima, sukhoma msomali, nanji kuyatsa uvuni utsi wake n'kumakalowa m'maso mwa anamfedwa. Amene wachita makani anthu samukalipira, amangomuyang'ana n'kumusungira. Tsiku lake likadzafika amadzapeza kuti kulibe wokumba manda, kulibe woimba, kulibe ndi wophika yemwe.

Ndinamanga chitenje n'kukalowa m'nyumba ya siwa. Mumtima ndinkati mwina mawa kapena mkuja aika, tipitiriza. Koma anthu akumpoto saika munthu abale a bambo ake asanafike. Bambo a mnyamatayo anali atamwalira kalekale, ndiye mawu omaliza anali ndi mkulu wawo, nkhalamba ya ku Rumphi. Uthenga unapita pa wailesi. Kenako tinamva kuti nkhalambayo yaumva ndipo yanyamuka, kenako kuti basi yawonongeka panjira. Thupi linali ku nyumba yachisoni, ife tikudikira, tikuimba, tikutuluka thukuta m'chipinda chodzaza amayi, mawindo onse ali pululu koma mpweya osalowa.

Anthu odikira maliro amadya, ndipo amuna amene amagona panja amafuna moto ngakhale kutenthe bwanji. Nkhuni za pakhomopo zitatha, akuluakulu a m'deralo anabwera pomwe ndinkadula ndiwo zamasamba n'kundipempha mwaulemu kuti atengeko zipika pang'ono pa mulu wathu. Amama sanadziwe n'komwe. Ndikanakana bwanji, madzi a m'njerwa zonsezo atachokera pa mpopi wawo? Ndinati tengani. Pang'ono pa maliro palibe. Tsiku lililonse ndinkaona chipika china chikukokedwa kudutsa pampata wa mpanda.

Lachinayi mabingu anayamba kumveka, chapatali, cha ku Chileka. Nyerere zinali kalikiliki kututa mazira awo kukwera nawo pakhoma. Ndinatsikira kunyumba masana mutu utatentha. Ndinawapeza amuna anga atatsamira khoma, ndipo sindinawafunse n'komwe kuti aswera bwanji. Ndinawauza kuti ndikukawatenga aganyu aja abwere mbandakucha, asanje mwakachetechete, amate, kuyatsa kokha ndiye tidikire. Ndinalankhula zambiri. Ndinati womwalirayo wapita basi, sadzafunanso denga, koma ana anga adzalifuna. Ndinati mwambo umenewu unayambira kumudzi kumene maliro ankagwa mwa apo ndi apo, osati m'tauni muno momwe masamba sachoka pamsewu. Tikamaima pa maliro aliwonse, tidzamanga liti?

Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anayankhula motsitsa, akupumira pakati.

“Amayi, musatero. Anthu aja akuyang'ana. Mawa ndi ine. Mukufuna mudzandinyamule nokha ndi anawa?”

Chidwalire chawo anali asananenepo zimenezo. Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zopusa, kenako ndinatuluka kukaima kuseri kwa bafa, chifukwa sindinafune kuti ana aone nkhope yanga. Aganyu sindinakawatenge. Chimene ndinachita n'kusonkhanitsa masaka akale ndi mapepala apulasitiki, n'kukafunditsa uvuni ndi mizere ija madzulo, n'kutsindira ndi miyala. Ngakhale zimenezo ndinazichita mozemba ngati ndikuba zanga zomwe.

Nkhalamba ija inafika Lachisanu, fumbi lili m'mutu. Anthu ankayembekeza kuti ilamula kunyamula thupi kupita nalo kumpoto, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkafuna zomwezo kuti galimoto ikangonyamuka ife tiyambe ntchito. Koma itakaona mmene thupi linalili ndi kutenthako, inati aikidwe konkuno mawa lake.

Loweruka kunacha kopanda ndi kamphepo komwe. Pofika kumanda mitambo inali itatseka kumadzulo konse, yakuda bii, yotsika ngati ikhudza mitengo. Abusa anafupikitsa ulaliki, akuyang'anayang'ana kumwamba. Bokosi litangotsika, mphepo inabwera mwadzidzidzi n'kuulutsa nkhata za maluwa, mphezi inang'anima, ndipo madontho oyamba anagwa akuluakulu, ofunda. Kenako inakhuthuka. Adzukulu ankakwirira matope, nyimbo zathu osamvekanso.

Pamenepo ndinalira. Ndinalira mokuwa, ndinadzigwetsa pansi, amayi awiri mpaka anachita kundigwira m'mapewa. Ndinamva wina akunena kuti mayi ameneyu ankamukonda mnyamatayu ngati mwana wake. Ndinkamukondadi, koma misozi imeneyo sinali yake yekha. Ndinkalirira dothi limene ndinaponda mpaka mapazi kung'ambika, ndinkalirira ana anga, ndinkalirira munthu amene ndinamusiya pamphasa atandiuza zoona. Amama, amene ndinayenera kuwatonthoza ineyo, ndi amene anabwera kudzandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo chonyowa.

Pobwerera ndinadzera ku ploti mvula ikadali kugwa. Mapepala aja mphepo inali itawachotsa, lina linakodwa pa mtengo wa mango. Koma ngakhale akanakhalapo sakanathandiza, chifukwa madzi anachokera kuphiri n'kudzera pansi. Mizere yonse inali itasanduka phala lofiira lotsetserekera kumsewu. Uvuni unali utakhala pansi mbali imodzi, njerwa zapamwamba zikusungunuka m'makona ngati sopo. Ndinatola imodzi, inaphwanyikira m'manja mwanga. Amama anaima pampata wa mpanda, akuyang'ana matopewo ndi pamene panali mulu wa nkhuni, dzanja lili pakamwa. Anayamba kupepesa. Ndinawapempha kuti alowe m'nyumba angadwale.

Kunyumba ndinapeza ana akuvina pamvula ndi anzawo, mabeseni ali ndandanda pansi pa malata. Amuna anga anali atakokera mpando pawindo. Kamphepo kozizira kankawawomba pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba mlungu wonsewo ankapuma bwinobwino, mosathamanga. Nkhope yawo inali itatsitsimuka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, matope ofiira ali mpaka m'mawondo, ndipo sanafunse kuti njerwa zatsala zingati.

Anandifunsa ngati mnyamata uja waikidwa bwino, ngati anthu anabwera ambiri. Ndinati anabwera ambiri, ngakhale mvula inagwa palibe anathawa. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chimene amafuna kumva. Kenako anagwira dzanja langa lamatopelo.

“Musadandaule, amayi. Dothi silinapite patali. Mvula ikatha tiumbanso, ulendo uno tiyamba msanga, mu Julayi.”

“Tiumbanso, abambo,” ndinatero.

Amuna anga anamwalira chimanga chikumasula. Pa maliro awo Chilomoni yense wakumtunda anatsika, manda anakumbidwa dzuwa lisanakwere, ndipo amama sanachoke pambali panga mpaka tsiku lomaliza. Julayi anatipeza ine ndi ana tili m'chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande.