Makina a Abambo ndi Mtengo wa Mango

Fungo la petulo wosakaniza ndi oyilo limandibwezera ku Kawale, chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4. Dzuwa linkaswa mtengo, ndipo mango a pabwalo pathu anali atabereka mpaka nthambi kuwerama. Nthawi imeneyo ndi imene alandilodi athu, a Gama, analamula kuti mtengowo udulidwe, ati mizu yake ikung'amba khoma. Ine ndinalira ngati pagwa maliro, chifukwa popanda mango amenewo ndinalibe chonyadira pamaso pa atsikana anzanga.

Abambo sanatsutse. Anasolola pansi pa bedi makina akale ochekera mitengo, adzimbiri lokhalokha, momwe mphemvu zinkakhala mwaulere. Anauza a Gama kuti asavutike kufuna anthu ena. "Ndingowakonza pang'ono, Loweruka mtengowu wagwa."

Anadutsa masabata asanu. Injini anaimasula yonse n'kuyala tizitsulo pa lichero la amayi. Pisitoni anaipala ndi sandipepa, kabuleta anaitsuka ndi mswachi wanga, ndipo gasiketi anaidula pachikuto cha kope langa la masamu, zomwe sizinandidandaulitse konse. Chingwe cholizira anachidula pomwe tinkayanika zovala. Kenako anaboola paipi ya utsi ndi msomali, ati injini izipuma bwino. Amayi ankangoyang'ana lichero lawo n'kutsonya.

Tsiku lodula litafika, a Gama anabwera ndi mpando wawo, anthu n'kudzaza kumpanda. Abambo atakoka chingwe kachitatu, makina aja anabangula moti nkhuku zinathawira kuchimbudzi ndipo agalu anayankha kuchokera ku Biwi. Mtima wanga unasweka. Anagunditsa tcheni pathunthu, utsi uli tolotolo, thukuta lili kamukamu, koma mtengo unangonyuka khungwa basi.

A Phiri, kalipentala woyandikana nafe, anasuzumira n'kufuula, "Achimwene, tchenitu mwaika mozondotsa! Mano akuyang'ana kwa inu!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Abambo anakanda mutu n'kulengeza kuti injini yatenthedwa kwambiri, ifunika kuimasulanso yonse. A Gama ananyamula mpando wawo osatsanzika. Posakhalitsa mvula inayamba, iwo anatanganidwa ndi munda wawo, ndipo nkhani ya mtengo inazilala. Mango tinadya mpaka mano kuyayamira.

Koma ine manyazi anandigwira koopsa. Kusukulu ankanditcha mwana wa a Mozondotsa, ndipo kwa masabata angapo ndinkakana kuyenda ndi abambo pamsewu. Ndinkaona ngati ndili ndi bambo wosadziwa kanthu amene mwayi unangomugwera.

Nditakula, amayi anandiuza kuti asanabwere ku Lilongwe, abambo anacheka matabwa ku Chikangawa zaka zambiri. Munthu wotere tcheni amaika bwinobwino ngakhale atatsinzina. Analolera kusekedwa ndi Kawale yense kuti mwana wawo asiye kulira, ine n'kumawathawa pamsewu.