Amayi Abwera ndi Ndowa ku Fakitale

Ndili m'fakitale yosungunula aluminiyamu, ndavala suti yapaukwati ndi patapata. Ng'anjo yabooka, chitsulo chamadzimadzi chikukwawa pansi, chayatsa kale tayala la wilibala. Amayi akutulukira atasenza ndowa yamadzi, ngati mmene amachitira nyumba ya aneba ikamapsa.

"Amayi, madzi ayi, chiphulika chimenecho! Pakufunika mchenga wouma!"

"Iwe, koleji inakukanika, lero undiphunzitse kuzimitsa moto?"

Mfundo yomveka ndithu. Ndikuthamangira mgolo wa mchenga, koma mwadzaza nsapato za ana zonyowa. Miyendo yanga yakana kubwerera. Amayi akugwada mwaulemu pafupi ndi chitsulocho, akutula ndowa, akuipendeketsa pang'onopang'ono kuti madzi asatayike pachabe.

Ndadzuka kutulo. Panja amayi akuwaza madzi pabwalo kuti asese, ine ndikumvetsera dontho lililonse likamagwa.