Tiyi wa a Mhango

Ndikamva fungo la nzimbe zootchedwa, phulusa lakuda likugwera pa zovala zimene ndayanika, ndimawaona a Mhango, aneba athu kumalayini a kampani ya shuga, atakhala pachitsa akunola chikwanje, manja ali ming'alu yokhayokha, kapu ya tiyi ikuzizira pambali.

Munthu wodula nzimbe tsiku lonse, koma tiyi wawo sankathira shuga. Amayi akawatumizira pang'ono m'kapepala, ankandibweza nako. "Ukawathokoze, mama. Ndidzathira tsiku limene mundawu udzakhale wa oudula."

Maganizowa anawatola kumigodi ali mnyamata, ndipo dzina lake, chikomyunizimu, ankalitchula chonong'ona, poti masiku amenewo mawu otere ankasowetsa munthu. Ankati padziko pali mitundu iwiri yokha, eni minda ndi eni manja, ndipo eni manja akadzakana onse pamodzi, fakitale idzakhala chete ngati manda, kenaka chuma adzagawana mofanana.

"Zogawanazo timazimva kutchalitchi, a Mhango," amayi ankatero akupeta mpunga. "Inu mwangochotsamo Mulungu."

"Sindinawachotse ine, mayi a Esinati. Ndikungowathandiza ntchito, achedwa."

Amayi ankaseka, kenaka n'kudzidzudzula kuti aseka.

Chaka china odula anapangana kuti m'mawa mwake palibe wogwira chikwanje. Thirakitala yowatengera kumunda itabwera, amuna anayang'anizana, wina anakwera, wina n'kutsatira. Abambo anga anakwera omaliza, maso ali pansi, poti tinalipo ana ambiri ndipo nyumba inali ya kampani. A Mhango anatsala okha pachitsa paja, chikwanje atachigoneka pamiyendo. Anandiona ndikusuzumira.

"Usawade abambo ako, mama. Njala ndiye kapitawo wamkulu."

Masana kunabwera galimoto ya boma kudzatenga a Mhango. Anakwera okha, osakankhidwa, kapu n'kuisiya pachitsa. Sitinamvenso za iwo, ndipo abambo sanatchulenso dzina lawo mpaka kumwalira.

Lero mwana wanga woyamba ndiye amadula nzimbe, m'munda womwe uja, womwe sunakhale wa oudula. Ine za mabuku a chikomyunizimu sindizidziwa, sukulu ndinalekezera kupulayimale. Koma ndimayamika Ambuye kuti ndinakhalapo pafupi ndi munthu wotere, ndipo ndimawapempherera ngakhale iwo akanandiseka. M'mawa uliwonse ndimayamba ndamwako tiyi wopanda kanthu, kuwawa kwake kufike kukhosi, kenaka ndiye ndimathira shuga.